Nyongolotsi ya pulasitiki ndi nsomba yolusa ya m'madamu

A ku Machinjiri, a ku Chirimba, a ku Ndirande, ndi inu amene mwaima pa Kameza pano kudikira minibasi ya ku Lunzu kapena ya ku Chileka, takulandirani. Lero tikamba za usodzi, koma si wa matchera kapena chilimira ayi. Ndi usodzi wa mbedza, ndipo nyambo yake ndi yoti agogo athu akanaiona akanaseka mpaka misozi: nyongolotsi ya pulasitiki, yaitali kuposa chikhatho cha munthu wamkulu.

Ena mwa inu munaionapo. Imabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni, nthawi zina imapezeka pakati pa katundu wa kaunjika, wogulitsayo osadziwa n'komwe kuti ndi ya chiyani. Ukaigwira ndi yofewa, yoterera ndi mafuta, yamizeremizere thupi lonse, kumchira yopyapyala ndi yopindika. Ina ndi yakuda bii, ina yobiriwira mwa ndere, yokhala ndi tinthu tonyezimira m'kati. Ina imanunkha adyo, ndipo yambiri ukailawa ndi yamchere. Zonsezi anazipanga dala, tifikako.

Woyambitsa wake anali mmisiri wa makina, Nick Creme, wa mumzinda wa Akron ku Ohio, m'dziko la America. Bamboyu anatopa ndi kukumba nyongolotsi nthawi iliyonse akafuna kukawedza. Mu 1949, iye ndi mkazi wake Cosma anayamba kusungunula pulasitiki m'khitchini mwawo, n'kumathira m'chikombole chimene anachiumba potengera nyongolotsi yeniyeni. Patapita zaka pafupifupi 10 anasamutsira fakitale yake ku Tyler, ku Texas, chifukwa kumeneko ndi kumene asodzi ankagula kwambiri. Madamu atsopano a ku Texas anamiza nkhalango, pansi pa madzi panali zitsa ndi nthambi zokhazokha, ndipo mbedza wamba inkangokodwa. Nyongolotsi yofewayi inawathetsera vuto limeneli.

Nsomba imene ankaifunayo ndi bass. Kwawo kwenikweni ndi kum'mawa kwa North America. Ndi yobiriwira pamsana, yoyera kumimba, ili ndi mzere wakuda m'mbali kuchokera kumutu mpaka kumchira. Chizindikiro chake chachikulu ndi kamwa: ikatseka pakamwa, nsagwada yam'mwamba imapitirira diso. Sidya ndere kapena gaga ngati makumba athu. Imadya zamoyo: tinsomba, achule, nkhanu, tizilombo, ngakhale ana ake omwe. Ikatsegula kamwa mwadzidzidzi madzi amalowa mwamphamvu, ndipo chimene chinali patsogolo pake chimalowera limodzi. Yaikulu kwambiri imene inalembedwa m'mabuku inagwidwa ndi George Perry ku Georgia mu 1932, yolemera makilogalamu 10 ndi kakusefukira pang'ono. Palibe anamupeza mpaka 2009, pamene Manabu Kurita anagwira yofanana nayo pa nyanja ya Biwa ku Japan. Mwamva kuti Japan? Kumeneko si kwawo kwa bass. Anthu ndiwo anaipititsa. Mawu amenewa muwasunge.

Kuno kummwera kwa Africa inafikanso pa dzanja la munthu. Ku South Africa inalowa mu 1928, posakhalitsa inafika ku Zimbabwe, ndipo lero madamu ngati Chivero, Manyame ndi Mutirikwi ndi otchuka ndi mipikisano yake. Abale athu amene anakulira ku Harare nkhaniyi si yachilendo kwa iwo. Kuno kwathu, atsamunda amene anaika nsomba ya trout m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba, la Mulanje ndi ku Nyika, anaikanso bass m'madamu a m'maesiteti ndi a m'nkhalango. Madamu ena a m'minda ya tiyi ku Thyolo ali nayo, ndipo ku Viphya alendo amakaiwedza pa damu la Luwawa. Choncho munthu wa pa Kameza amene ali ndi paketi ya nyongolotsizi sayenera kuchita kudula tikiti ya ndege pa Chileka. Ulendo wake ndi wa pa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo, ndipo choyamba n'kupempha chilolezo kwa eni damu. Osangolowa m'munda wa eni ndi ndodo paphewa. Alonda a m'maesiteti sachita nthabwala.

Tsono nyengo. Mabuku ndi makanema a ku America amanena za Malichi, Epulo ndi Meyi. Ukatsatira zimenezo kuno uphonya, chifukwa nyengo zathu n'zotembenuka. Nthawi imene iwo akunenayo, pamene chisanu chikutha ndipo madzi ayamba kufunda, kwa ife ndi Ogasiti ndi Seputembala. Simufunikanso kalendala: mango akachita maluwa, mitengo ya m'phiri ikayamba kuphukira masamba ofiira, juzi ikayamba kulemera masana, dziwani kuti m'damu mwayamba kuchitika zinthu.

Mu Juni ndi Julayi bass imakhala pansi, pakuya, yaulesi, yodya mwa apo ndi apo. Madzi akafika pa madigiri 16 mpaka 18, imayamba kusendera kugombe kukaswana. Yaikazi, imene ndiyo imakula kwambiri, imakhala itadzaza mazira. Siifika msanga pamadzi osaya. Imaima kaye panjira: pa chitsa chomira, m'mphepete mwa bango, pamene pansi payamba kutsetsereka kulowera kwakuya. Apa ndi pamene nyongolotsi yaikulu imagwira ntchito. Nsomba yolemedwa, m'madzi amene akadali ozizirirapo, sifuna kuthamangitsa kanthu kakang'ono kothamanga. Imafuna chakudya chambiri chodutsa pafupi, choyenda pang'onopang'ono, choti ichipeze osatopa. Nyongolotsi ya masentimita 20 mpaka 30 ndiyo yankho. Komanso nsomba zing'onozing'ono zambiri zimailephera, choncho nyambo yanu imakhala m'madzi mpaka mwini wake atafika. Mudzagwira zochepa, koma zimene mudzagwirezo zidzakhala zoti mnzanu akaona aime.

Kamangidwe kake ndiko kamene kanaipatsa mbiri, ndipo asodzi amakatcha Texas rig. Mvetserani bwino, popeza pa wailesi sitingakuonetseni. Choyamba mulowetse chingwe pa kamtovu kosongoka kutsogolo, kolemera magalamu 4 mpaka 7, kusongokako kuloze ku ndodo. Kamtovuko kazitha kutsetsereka pa chingwe. Kenako mumange mbedza yaikulu, ya nambala 4/0 kapena 5/0, ija ili ndi kakhosi kopindika pafupi ndi diso. Tsopano tengani nyongolotsi, mubaye nsonga ya mbedza pamutu penipeni, ilowe theka la sentimita, n'kuitulutsira m'mbali. Kokani mbedza yonse mpaka mutu wa nyongolotsi ukakhale pa kakhosi kaja. Itembenuzeni kuti nsonga iyang'ane thupi la nyongolotsi, muyeze pamene ikufika, mubayenso pamenepo, koma ulendo uno nsonga isatuluke: ibisale pansi pa khungu. Mukaikweza m'mwamba, nyongolotsi izilendewera chowongoka. Ikapindika, masulani muyambenso, chifukwa yopindika imazungulira m'madzi n'kupota chingwe, ndipo nsomba imaikayikira.

Phindu la kubisa nsonga n'loti mutha kuponya pamene ena onse amaopa: pakati pa nthambi, m'kati mwa udzu, pansi pa mtengo wogwera m'madzi. Mbedza imadutsa osakodwa. Ndipo bass imakhala m'malo omwewo.

Pa mtundu musataye nthawi yambiri. Madzi akakhala amatope sankhani yakuda kapena yofiirira modera, kuti ioneke chithunzi chake. Madzi akakhala oyera sankhani yobiriwira. Makampani amapanga mitundu mazanamazana, koma yambiri mwa iyo imakola wogula, osati nsomba.

Chovuta chenicheni ndi dzanja. Ife tinakula tikuwedza ndi ndodo ya nsungwi, nyongolotsi yokumba kudambo, ndi kachidutswa ka patapata koyandama pamwamba. Diso limakhala pa kapatapatako; kakamira, wakoka. Apa palibe choyandama. Mumaponya kupitirira pang'ono pamene mukuganiza kuti nsomba ili, n'kusiya nyambo imire yokha, diso lili pa chingwe pamene chikulowera m'madzi. Nthawi zambiri bass imaitenga ikadali kumira. Ikafika pansi chingwe chimakhwepa. Dikirani. Werengani mumtima mpaka 10. Kwezani nsonga ya ndodo pang'onopang'ono kuti nyambo ikwawe kapena idumphe kamodzi, kenako tsitsani, mukulunge chingwe chotsala, mudikirenso. Oyamba kumene onse amalakwitsa pamodzimodzi: amafulumira. Akaona kuti palibe chikuchitika amayamba kupukusa msangamsanga, nyambo n'kumadutsa pamwamba pa nsomba zimene zikanaidya. Mukaganiza kuti mukuchedwa, chedwaninso.

Kudya kwake sikochititsa chidwi poyamba. Mumangomva kugogoda kamodzi kapena kawiri pa ndodo, go, go. Nthawi zina simumva kalikonse, mumangoona chingwe chikuyenda chokha cham'mbali, kapena ndodo yalemera ngati mwakola chiguduli. Apa ndi pamene mchere ndi fungo zija zimathandiza: nsomba ikamva kukoma imachedwa kulavula. Tsitsani ndodo, kulungani mpaka chingwe chiwongoke, ndiye mukoke kamodzi mwamphamvu cham'mwamba. Mphamvuyo ndi yofunika chifukwa nsonga iyenera kuboola pulasitiki kaye isanalowe m'kamwa. Chingwe chikhale cholimba, chopirira makilogalamu 6 mpaka 8, poti ikangomva mbedza imathamangira m'nthambi, ndipo ikatuluka imadumpha m'mwamba ikupukusa mutu, kamwa lili yasa. Asodzi ambiri amagwa m'chikondi ndi nsombayi pa kudumpha kumeneko.

Chiperoni chikabwera mwadzidzidzi mu Ogasiti, monga chimachitira kuno ku Blantyre ndi ku Thyolo, madzi osaya amazizira ndipo nsomba zimabwerera m'mbuyo n'kukakamira m'zitsa. Tsiku lotero ponyani pachitsa penipeni, ndipo kudikira kuja muwirikize. Masiku abwino ndi amene kwafunda motsatizana, makamaka chakumasana kupita kumadzulo, madzi atamwa dzuwa.

Madzi akafundirako, yaimuna imalowa pamadzi osaya, akuya mita imodzi kapena iwiri, n'kusesa pansi ndi mchira mpaka papangike chisa chozungulira. Yaikazi imadzaikira mazira n'kuchoka. Yotsala pachisa ndi yaimuna: imapepetsa mazirawo ndi zipsepse, kuthamangitsa chilichonse choyandikira, ndipo ana akaswa imawalondera kwa masiku angapo, osadya mokwanira. Mukaponya nyongolotsi pachisa imaitola, koma si njala ayi, ikufuna kuchotsa mdani. Nthawi zambiri imaigwira kumchira n'kukaitaya kunja, ndipo inu mukakoka mumabweza nyambo yoduka. Ikakodwa n'kuchotsedwa, nsomba zina zimagwera mazirawo nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene nkhani yathu ikukhotera. Ife Amalawi mwambo wolemekeza nsomba yoswana timaudziwa. Chambo chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, n'chifukwa chake m'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka m'madera a nyanja ya Malawi kumene chimaswanira. Aku America nawo ali ndi mwambo wawo. Bungwe la B.A.S.S., limene Ray Scott anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, linayamba mu 1972 kulimbikitsa opikisana kuti nsomba akaigwira aziibwezera m'madzi yamoyo. Lero msodzi wa bass amaijambulitsa, n'kuitsitsira m'madzi mwaulemu. Munthu wa ku Ndirande amene wagula bonya wa pa mulu dzulo akaona zimenezi pa foni amangopukusa mutu: ndiwo zonsezi?

Ine ndili kumbali ya wa ku Ndirandeyo, ndipo chifukwa changa si njala yokha. Ku America bass ili kwawo; kuiteteza n'kuteteza zachilengedwe zawo. Kuno ndi mlendo, ndipo ndi mlendo wodya ana a eni nyumba. Akatswiri a bungwe la IUCN anaiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa kumene si kwawo. Ku South Africa, m'mitsinje ya ku Cape, mitundu ya bass inatha tinsomba tachilengedwe m'madera ambiri, totsala tinapulumukira kumtunda kwa mathithi kumene adaniwa sanathe kukwera. Ku Guatemala anaithira mu nyanja ya Atitlán mu 1958 pofuna kukopa alendo. Inadya nsomba ndi nkhanu za m'menemo, ndipo mbalame ina ya m'madzi imene inkapezeka pa nyanja yokhayo inacheperachepera mpaka kutheratu. Ku Japan kuja, pa Biwa pomwe panagwidwa yaikulu ija, lamulo limaletsa kuibwezera m'madzi ukaigwira.

Tsono ganizani za nyanja yathu. Ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse. Ndi chifukwa cha nsombazo kuti UNESCO mu 1984 inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse. Zilombo zake ili nazo kale, mcheni ndi kampango, koma zimenezo zakhala limodzi ndi mbuna, utaka ndi chambo kuyambira kalekale, aliyense anadziwa pothawira. Zimene zimachitika nsomba yolusa yachilendo ikalowa tinaziona kwa anansi athu. Nile perch inathiridwa mu nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950, kwa nthawi yaitali inangokhala phee, kenako m'ma 1980 inachulukana, ndipo mitundu yambirimbiri ya tinsomba ta m'nyanjamo inasowa. Palibe boma kapena bungwe limene linatha kuitulutsanso.

Wina anena kuti, aaa, nanga damu la ku Thyolo ndi nyanja zikugwirizana pati? Funso labwino. Mitsinje ya ku Thyolo ndi ya kuno, Mudi, Likhubula, Lunzu, yonse imathera mu Shire, koma kumunsi kwa nyanja. Ndipo pakati pa Shire pali mathithi: Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula, Kholombidzo. Mathithi amenewa ndi amene akhala akutchinga nsomba za ku Chikwawa ndi Nsanje kuti zisakwere kumtunda. Bass singawakwere. Koma imatha kukwera minibasi. Imani pa Kameza pano muone: msewu uwu ukupita ku Lunzu, ku Lirangwe, ukawoloka Shire pa Zalewa, ndipo tsiku lomwelo munthu wafika ku Balaka, ku Liwonde, ku Mangochi. Chidebe chimodzi cha malita 20, tinsomba tochepa, ndi munthu wa mtima wabwino amene wakumba dziwe lake kumudzi n'kufuna kuti nayenso azidzawedza pa tchuthi, basi zakwana. Dziwe limasefukira. Amene munaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 simufunika kuuzidwa kuti khoma la dothi silitchinga kanthu mvula ikalusa.

Lamulo la za usodzi limaletsa kusamutsa nsomba yachilendo kuiika m'madzi ena popanda chilolezo cha a nthambi ya za nsomba. Ndi maganizo omwewa amene anachititsa boma kuletsa kuweta nsomba ya carp m'madera amene madzi ake amathera m'nyanja, ngakhale alimi ankaikonda chifukwa chokula msanga. Koma wapolisi wa pa rodibuloko sangasiyanitse kamwana ka bass ndi kachambo m'chidebe chamatope. Amene angasiyanitse ndi msodzi, ndiye udindo wagwera ife. Ndipo kwa alimi a nsomba a ku Chileka, ku Lunzu ndi kwina, wina akadzakuuzani kuti muikemo bass zingapo kuti zizichepetsa tiana ta makumba tochuluka m'dziwe, kafunseni kaye alangizi a za nsomba. Ntchito imeneyo mlamba wathu amaitha.

Choncho pitani mukawedze, luso lake n'lokoma ndipo ndalifotokoza kuti mulidziwe. Ngati eni damu ali ndi lamulo loti nsomba zibwezedwe, damu ndi lawo, mverani. Ibwezereni pomwe mwaigwirapo, manja ali onyowa, mwachangu. Ngati alola kutenga, itengeni, koma ichoke pagombe itafa kale. Mnofu wake ndi woyera, ulibe timinga tating'onoting'ono tovutitsa ana. Khungu lake nthawi zina limanunkha thope, ndiye lisendeni, muthire mchere ndi ndimu, mukazinge kapena muwambe pa makala.

Chomaliza ndi nyambo zong'ambika. Nyongolotsi imodzi ikagwira nsomba ziwiri kapena zitatu mutu wake umanyenyeka. Musaiponye m'madzi. Siwola, ndipo nsomba ikaimeza imatha kukhala m'mimba osagayika. Dulani kachidutswa konyenyekako mupitirize ndi yotsalayo, kapena muyatse machesi, musungunule pang'ono mbali ziwiri zoduka n'kuzigunditsa, zikazizira zagwirana. Zotheratu ikani m'thumba mubwere nazo kunyumba. Paketi yanu muziisunga pamthunzi, yotseka, ndipo mitundu musaisakanize, chifukwa dzuwa la Okutobala likaipeza pa windo la galimoto, yakuda imathimbiriritsa zinzake zonse.